Reji Yanga Ikuti Ndine Mwana

Mukadzadutsa pamsika wa ku Chawama n'kumva amayi ogulitsa tomato akufuula kuti "Mwauka bwanji ba Wilibala!", musavutike kucheuka kufuna mwini dzina. Ndine. Dzinali ndinalipata mwezi wa Okutobala chaka chatha, ndipo mmene zikuonekeramu ndidzalowa nalo m'bokosi. Ndaganiza zoti nkhaniyi ndiifotokoze ndekha, chifukwa kunjaku yanenepa mopitirira (ena afika ponena kuti tsikulo ndinalibe buluku, limenelo ndi bodza lamkunkhuniza).

Chiyambi chake n'chakalekale. Nditachoka kwathu ku Katete kubwera mu Lusaka kudzafuna ntchito, ndinali ndisanatenge reji, kachiphaso kaja kamene aliyense m'dziko muno amayenda nako. Msuweni wanga amene anandilandira anandikhazika pansi n'kundilangiza. "Iwe, ukayenda kukatenga reji, dula zaka. Ukalembesa zeni-zeni bazakupumisa nchito ukali na mphamvu." Ine ndinaona kuti nzeru za m'tauni ndi zimenezi. Ndinadula zaka zisanu ndi ziwiri osaphethira n'komwe. Ntchito ndinaipezadi, yoyendetsa galimoto ya buledi, koma kampaniyo inatsekedwa ndisanafike ngakhale pa zaka zanga zenizeni zopumira. Choncho zaka ndinadulazo sizinandigwirire ntchito iliyonse, zinangokhala pa rejipo kundidikira.

Pamene izi zinkachitika ndinali ndi zaka 68, reji ikuti 61. Choipa n'chakuti bodzalo ndinali nditayamba kulikhulupirira ine mwini wake. Tsitsi ndinkalidetsa ndi mankhwala mwezi ndi mwezi. Kondakitala wa minibasi akandiitana kuti "ba mudala" tsiku lonse linkandiipira, koma akati "ba ankolo" ndinkamwetulira mpaka potsikira. Akazi anga, amake Misozi, sanadule kalikonse. Iwo anali ndi zaka 65 pa reji ndi m'mawondo momwe.

Kuseri kwa msika kuli holo yakale imene inakonzedwa kuti ikhale malo a anthu okalamba. Tonse timangoti kusenta. Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa nkhalamba za m'komboni zimasonkhana kumeneko. Zimawongola mafupa potsatira nyimbo za pa wailesi, kuyezetsa BP ndi shuga kwa nesi, amayi kuluka timphasa ta pakhomo ndi zidutswa za chitenje, abambo kusewera nsolo, pomaliza tiyi ndi mabanzi. Lamulo lolowera ndi limodzi: uonetse reji, ndipo ukhale utakwanitsa zaka 65. Amake Misozi atangokwanitsa analembetsa sabata yomweyo. Ine ndinaseka mpaka misozi. "Pitani kwa nkhalamba zinzanu," ndinatero, "mukatibweretsereko mabanzi ife anyamata."

Tsono mnyamata wakeyo anali ndi mutu wina umene unkamugwira kunkhongo m'mawa uliwonse, ndipo akaimirira msanga m'maso munkachita mdima. Amake Misozi anaziona. Tsiku lina tikudya anandiuza kuti kusenta amathandiza okalamba kulembetsa khadi ya inshuwalansi ya kuchipatala, ija imathandiza pa zoyezayeza ndi pa mankhwala amene kukiliniki amangokuuza kuti ukagule wekha. Anatinso mkazi akhoza kulembetsa mwamuna wake pa khadi yake.

Ndinasiya kudya. "Ine, mwini nyumba, kulembedwa pansi pa dzina la mkazi ngati mwana wasukulu? Iyayi. Mutu uwu ndi wa dzuwa chabe. Nkhani imeneyi ndisaimvenso muno."

Anangoti "chabwino", n'kuchotsa mbale. Sanaitchulenso.

Patatha miyezi iwiri kuseka kuja kunandithera. Choyamba anabwera ndi magalasi a maso, aulere, ndipo mauthenga a pa foni amene ndinkawawerengera ine anayamba kuwerenga okha (musapeputse, imeneyo inali ntchito yanga yomaliza m'nyumba muja). Kenako bondo lawo linasiya kudandaula. Anayamba kuimba posesa. Lachiwiri ndi Lachinayi ankasamba kawiri, kudzola mafuta onunkhira amene mwana wathu Misozi anawatumizira kuchokera ku Kitwe, kuvala chitenje cha kutchalitchi, ulendo. Ine ndinkatsala pakhonde kuthamangitsa nkhuku za aneba. Mabanzi sanabweretse ngakhale limodzi, ankati amadyera konko. Nsanje inayambira pamenepo, pa magalasi ndi mabanzi, ndipo ikanathera pomwepo bwenzi lero ndili ndi dzina langa.

Koma kenako m'nyumba munalowa dzina la munthu.

"Ndiwo izi mchere uli kuti?" ndinafunsa tsiku lina.

"Ba Yusufu ati mchere wambiri ni woipa ku anthu a msinkhu wathu."

Mawa lake: "Ba Yusufu ati kuyenda pansi m'mawa kuthandiza." Mkuja: "Ba Yusufu anatiseketsa lero, mayo ine, nthiti zanga!"

"Ba Yusufu amenewa ndani?"

"Telala uja wa pakona pa msika. Nkhalamba inzathu ya kusenta."

"Ali ndi mkazi?"

"Anamwalira chaka chatha, osauka."

Mawu akuti "osauka" aja anandilasa pamtima. Munthu wamasiye, woseketsa, wolamulira mchere wa m'ndiwo zanga ali kwawo! Pamwamba pa zimenezo, m'chikwama cha amake Misozi munayamba kukhala envulopu ya khaki imene ankapita nayo kusenta n'kubwera nayo, ndipo akafika ankaitsekera m'sutikesi. Nditafunsa anati, "Ni mapepala a kusenta, musavutike nayo." Sabata yomweyo ndinapeza kuti kachithunzi kanga kakang'ono, kotsala pa tija ndinajambulitsa pokonzetsa laisensi, kasowa m'Baibulo mmene ndinkakasunga. Mkazi akatenga chithunzi cha mwamuna wake mobisa, inu mungaganize chiyani? Ine ndinaganiza za sing'anga, ndipo ndinayamba kununkhiza tiyi ndisanamwe.

Ndinaganiza zokawaona ndi maso anga a Yusufu amenewa. Ndinatenga buluku langa la kutchalitchi n'kuling'amba dala pamsoko ndi lezala (buluku labwinobwino, abale), ulendo wa pakona pa msika. Mumtima ndinkapempha kuti ndikapeze kankhalamba kopindika msana, kopanda mano. Ndinapeza bambo wamtali, wowongoka, ndevu zoyera zodulidwa bwino, kofia yoyera kumutu, mano onse ali m'malo mwake. Makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, ndipo Chichewa chawo n'chija chofatsa, chopanda liwiro la m'komboni. Ulusi analowetsa m'singano kamodzi kokha, popanda magalasi. Ndinadana nawo pomwepo.

"Takulandirani achimwene," anatero akundipatsa mpando. "Si inu bambo a Misozi?"

"Mwandidziwa bwanji?"

"Aa, nkhope yanu ndinaiona pa chithunzi." Atatero anatsokomola, n'kuweramira pa makina ngati anena chosayenera kunena.

Pa chithunzi! Ndinakhala pampando paja makutu akulira. Bulukulo analisoka bwino kwambiri moti msoko wake sunkaoneka n'komwe, ndipo zimenezo zinangowonjezera mkwiyo wanga. Ndikunyamuka anandiperekeza mpaka panja. "Mukawapatse moni mayi kunyumba. Mukawauze kuti nkhani ija ikuyenda, asadandaule."

Uthengawo sindinaupereke. Ndine mthenga wawo ine?

Ndinaona kuti njira ndi imodzi basi, ndilowe kusentako ndizikaona ndekha. Lachiwiri lotsatira, amake Misozi atatsogola, ndinavala shati ya kolala n'kuwalondola. Pakhomo pa holo panali tebulo, ndipo pa tebulopo panakhala mayi wina dzina lake ba Mulenga, amene amalembetsa anthu ndi kuwathandiza mapepala. Kumbuyo kwanga kunali mzera wa nkhalamba zodikira kulowa.

"Mwapelekeza ndani, ba ankolo?" anandifunsa. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuti mawu akuti "ba ankolo" andiwawe.

"Ndabwera kudzalembetsa."

"Reji."

Ndinapereka. Anayang'ana, anawerenga pa zala, n'kundibwezera. "Sikisite wanu. Ba ankolo, mukali mwana. Mukabwele pakapita zaka folo."

"Mayi, rejiyo ikunama. Ine ndili ndi zaka sikisite eyiti."

Anayang'ana kumutu kwanga, kumene tsitsi linali bii, likuwala ngati nsapato yopolisha. "Na sisi yamene iyi? Aliyense amakamba so. Sabata yatha kunabwela wina ati reji inanama, kansi afuna chabe mabanzi."

"Funsani akazi anga, ali m'katimo. Amake Misozi."

"Ba mayo baja ni bakazi banu? Yaba! Kansi munakwatila bakulu banu!"

Mzera wonse unafa nacho chiseko. Bambo wina kumbuyo anandikankha ndi ndodo yake n'kunena kuti, "Patuka mwana iwe, tipite ise akulu-akulu." Nditacheuka ndinapeza kuti ndi munthu amene ndinamuphunzitsa ine kugwira chiwongolero, iye ali mnyamata wopanda ndevu. M'katimo wailesi inali itayamba kulira, ndipo ndinkamva anthu akuwomba m'manja. Ba Mulenga, mwina pondimvera chisoni, anawonjezera kuti, "Osakwanisa zaka timalandila chabe ngati ni odwala maningi, osayenda bwino, nesi akabaona."

Munthu wanzeru akanabwerera kunyumba, kukhala pansi ndi mkazi wake, n'kumufunsa bwinobwino. Ine ndinapita kwa wometa.

Ndinametetsa mpala n'kuwauza amake Misozi kuti ndi chifukwa cha kutentha. Ndinadikira masiku asanu ndi anayi kuti timvi timere, ndipo tinameradi, toyera mbee, tochuluka kuposa mmene ndinkayembekezera (ndinakhala nthawi yaitali pa kalilole tsiku limenelo, osasangalala). Ndodo ndinabwereka kwa aneba, ya malemu bambo awo, ndikunama kuti ndikufuna kuphera njoka. Kutsimphina ndinkaphunzira kuseri kwa chimbudzi. Ndinasankha mwendo wamanzere, koma ndikatembenuka ndinkapezeka ndikutsimphina wamanja, choncho ndinaika kamwala m'nsapato yakumanzere kuti kazindikumbutsa. Pomaliza ndinatulutsa chijasi changa chochindikala, chija ndinkavala poyendetsa galimoto ya buledi m'bandakucha mwezi wa Juni, ndi chipewa cha ubweya, ndi sikafu. Ndinkaganiza kuti munthu wodwala amamva kuzizira. Sindinaganize zoti unali mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale agalu a mu Chawama amagona m'ngalande kufuna pozizira.

Lachinayi ndinafika pa tebulo paja ndikunjenjemera, mlomo nditaugwetsera mbali imodzi. Ndinavula chipewa kuti imvi zionekere.

Ba Mulenga anaika bolopeni pansi. "Si imwe munabwela na sisi yakuda?"

"Sitiroko, mayi," ndinanong'ona. "Yandigwira Lamlungu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinkaganiza kuti andithamangitsa. Koma mayi uja ananyamuka, n'kundigwira pamkono mwaulemu, n'kundilowetsa pang'onopang'ono akuti, "Pepani tate, pepani. Nkhalani apa, nesi azakuonani bakasiliza masewela." Kukoma mtima kumeneko kumandichititsa manyazi mpaka lero kuposa zonse zimene zinatsatira.

Anandikhazika pa benchi yakumbuyo, ya anthu amene amachita masewera atakhala pansi. Kumanzere kwanga kunali ambuya ena ogontha amene anandipatsa switi. Kumanja kunali ambuya ena a mpingo wa Pentekosite, amene atangomva kuti ndi sitiroko anasanjika dzanja pa bondo langa n'kuyamba kupemphera motsitsa mawu, maso atatseka. Thukuta linali litayamba kale kutsetsereka kumsana. Kamwala kaja kanali katandiboola kuphazi. Koma ndinali nditalowa, ndipo amake Misozi, amene anali kutsogolo kwenikweni, sanandione.

Nesi anakweza wailesi n'kulamula kuti oimirira akhale awiriawiri. Anagwirana manja, kukweza m'mwamba, kutsitsa, kupendekera uku, kupendekera uko. Ndikufuna ndinene chilungamo: panalibe choipa chilichonse. Panali amayi ogwirana ndi amayi anzawo, panali abambo awiri amene ankangopondana. Koma amake Misozi anagwirana ndi a Yusufu, ndipo ankaseka. Ankaseka kukamwa kuli yasa, kampata kawo ka m'mano kakuonekera, kuseka kumene ine ndinali ndisanakumve m'nyumba mwanga kwa zaka zambiri. Pamenepo sinalinso nsanje yokha. Ndinachita mantha. Ndinaona kuti ine ndasanduka munthu amene mkazi amamuphikira n'kumukhalira chete, ndipo kuseka kwake amakasungira ena.

Nyimbo itatha anthu anabalalika, ena ku nsolo, ena ku mzera wa nesi. Awiriwo anapita pakona, pafupi ndi tebulo la tiyi, n'kukhala pa benchi imodzi. Amake Misozi anatsegula chikwama. Envulopu ya khaki ija inatuluka. Mitu inayandikana. A Yusufu ankaloza ndi bolopeni, amake Misozi akugwedeza mutu, kenako ndinawaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, a Yusufu n'kuwagwira paphewa.

Za sitiroko ndinaiwala. Za mwendo wamanzere ndinaiwala. Ndinadzambatuka pa benchi paja, ndodo m'mwamba, n'kuliyatsa liwiro kudutsa pakati pa holo. Dengu la zidutswa za chitenje ndinalilumpha. Beseni la mabanzi sindinalione, ndinaligunda ndi chijasi, mabanzi n'kumwazika pansi ponse. Kumbuyo kwanga ambuya opemphera aja anatsegula maso n'kukuwa ndi mawu onse: "Aleluya! Wachila! Wachila! Mulungu wayankha!" Amayi ena anayamba nthungululu, ena kuwomba m'manja.

"Iwe telala!" ndinafuula nditafika pakona. "Ntchito yako ndi kusoka mabuluku, osati kupasula mabanja a eni!"

Nthungululu zinazima. Amake Misozi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, kukamwa kuli pululu. Ndinatsomphola envulopu ija m'manja mwawo, n'kutembenukira ku gulu. "Onani nonse zimene zimachitika muno! Onani!" Ndinaikhuthula pansi.

Munatuluka kachithunzi kanga ka laisensi kaja. Munatuluka fotokope ya reji yanga. Munatuluka kalata ya kutchalitchi kwathu yotsimikizira kuti ine ndi amake Misozi ndife banja. Pomaliza munatuluka fomu. Ba Mulenga, amene anali atafika kale pamenepo, anaitola n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, kuti ngakhale ambuya ogontha aja amve. Inali fomu ya khadi ya kuchipatala. Pamzera wa mwamuna wa mwini khadi panali dzina langa lonse, lolembedwa ndi zilembo zazikuluzikulu zonjenjemera za amake Misozi.

"Panatsala poti musainire inu pokha, achimwene," a Yusufu anatero mofatsa. "Timakambirana kuti tikuuzeni bwanji."

Banzi limodzi linali likugubudukabe. Ndinafuna kunena kanthu, koma mutu uja unandimenya kunkhongo kuposa masiku onse, nyali za kudenga zinayamba kuzungulira, miyendo yonse iwiri inafooka nthawi imodzi, ndipo ndinagwa chagada pakati pa mabanzi.

Apa ndiye pamene Mulungu anandionetsa malipiro a bodza. Ndinkamva zonse, koma lilime linali lolemera. Ndinamva ba Mulenga akuti, "Bayambanso sewelo! Basiyeni, bazauka beka." Ndinamva anthu akuseka. Wina anati, "Ambuya, bwerezani pemphero lija." Ndinali chigonere pa simenti, ndikufa zenizeni m'chijasi cha mwezi wa Juni, nkhalamba za Chawama yense zikundiwombera m'manja.

Amene anadziwa ndi amake Misozi okha. "Si sewero!" anakuwa. "Munthu uyu adwala mutu miyezi na miyezi! Sisita, thamangani!" Anagwada pambali panga (ndi bondo lovuta lija), n'kuyamba kundivula sikafu, akundiitana ndi dzina langa la ubwana, limene sanalitchulepo chikwatiranireni. Nesi anandivula chijasi n'kundimanga chopimira pamkono. Anapopa, anayang'ana, anapopanso. Kenako anasiya kumwetulira. "Ku kiliniki. Manje manje."

Kuseri kwa msika kuja galimoto silowa, njira yake ndi tinjira ta pakati pa matebulo a malonda ndi ngalande. Anthu ali mkati mokangana zoti atani, a Yusufu anali atatuluka kale. Anabwera ndi wilibala ya mayi wogulitsa makala. Anandinyamula abambo atatu n'kundikhazikamo, mutu kumbuyo, miyendo ikulendewera kutsogolo. Amene anagwira zogwirira ndi a Yusufu. Amake Misozi ankathamanga pambali atanditchinga dzuwa ndi chitenje, nesi kutsogolo akupatutsa anthu.

Njira yachidule yopita kukiliniki imadutsa pakati pa mzera wa tomato. Amayi onse aja ankandidziwa ngati ba ankolo a shati ya kolala, amene amanyoza tomato wofewa. Tsiku limenelo anaona ba ankolo ali m'wilibala, mutu woyera wodzaza fumbi la makala, nsapato imodzi itatsala ku holo. Pamwamba panga ndinkangoona ndevu za a Yusufu zikudontha thukuta, akupuma mwawefuwefu, akubwereza kuti, "Limbani mtima achimwene, tatsala pang'ono kufika." Munthu wa zaka zoposa zanga za pa reji ndi zenizeni zomwe, akukankha munthu amene wangomutukwana pagulu. Ndinatseka maso, osati chifukwa cha mutu ayi.

Kukiliniki anandibaya, kundipatsa mapilitsi, n'kundigoneka. Adokotala ananena mosabisa kuti BP inali itakwera koopsa, ndipo ndikanapitiriza kunena kuti ndi dzuwa, sitiroko imene ndinkaseweretsayo inali panjira kubwera yeniyeni. Chakumadzulo mutu utapepuka ndinaona a Yusufu atakhala pa benchi pafupi ndi khomo, malaya awo oyera ali bii ndi makala. Anayandikira bedi.

"Musavutike kulankhula, achimwene," anatero. "Mayi a kunyumba kwanga nawonso ankati ndi mutu wa dzuwa. Mapepala omwewa ndinathamanga nawo, koma ndinayamba mochedwa. Khadi inatuluka titaika kale maliro. N'chifukwa chake mayiwa atandiuza za inu ndinati tiyeni tifulumire, maofesi ake ndikuwadziwa."

Ndinafunafuna mawu. Amene anatuluka ndi "zikomo" wamng'ono, wosakwanira n'komwe. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti nthawi ya swala, mapemphero awo a Chisilamu, yakwana ndipo wilibala ya eni iyenera kubwezedwa, n'kutuluka.

Tinatsala awiri. Amake Misozi ananyowetsa nsonga ya chitenje n'kuyamba kundipukuta makala kumutu.

"Bwanji simunandiuze?" ndinayesa.

"Ndinakuuzani. Munayankha chiyani?"

Ndinayang'ana kudenga. Munthu wina akanalekera pomwepo, koma ine lilime linali litapepuka. "Komabe mumaseka nawo kwambiri."

Anasiya kupukuta. Anavula magalasi aulere aja, n'kundiyang'ana m'maso. "Atate a Misozi, ine nikanafuna mwamuna wina, sembe ninakusiyani chabe na mutu wanu uja. Pofika Khirisimasi sembe ndine mfulu." Atatero anavalanso magalasi n'kupitiriza kundipukuta kuseri kwa khutu.

Fomu ija ndinasainira pabedi pomwepo. Khadi inatuluka, dzina langa lili pansi pa la amake Misozi, ndipo denga la nyumba silinagwe. Mapilitsi ndimamwa m'mawa uliwonse. Tsitsi ndinasiya kudetsa. Kwa ba Mulenga ndinapita kukapepesa, ndi kwa mayi wophika mabanzi yemwe. Anandikhululukira, koma komiti ya kusenta inagamula kuti m'holo ndisalowemo kufikira reji idzavomere, popeza aliyense anaona ndi maso ake kuti ndimayenda bwino, ndimathanso kulumpha dengu.

Ndiye masiku ano Lachiwiri ndi Lachinayi ndimanyamula chikwama cha amake Misozi mpaka pakhomo pa holo, n'kukakhala pa njerwa panja, pansi pa zenera. Odutsa ndimawauza kuti ndikupitidwa mphepo. Nthawi ya tiyi ikakwana a Yusufu amanditulutsira kapu ndi banzi, timacheza za mpira ndi za mitengo ya ulusi, ndipo ndimawathokoza ndi mtima wonse, chifukwa popanda iwo bwenzi pano ndili kumanda. Phunziro ndinalitenga, abale: mkazi akabisa envulopu, yamba wafunsa usanabwereke ndodo.

Koma ndisakunamizeni. Wailesi ikalira, nesi akati awiriawiri, khosi langa limatalika lokha kufika pa zenera, ndipo ndimatsokomola kawiri kuti adziwe kuti mwini wake alipo. Amake Misozi satembenuka n'komwe. Manja ali m'mwamba, amangofuula holo yonse ikumva: "Takumvani, atate a Misozi! Mankhwala mwamwa?"